Achemwali mtima pansi, gobsmacked sikuti mwamenya munthu

Achemwali, voice note yanu ija ndaimva, ndinali pa shifiti nchifukwa chake ndikuyankha pano. Choyamba mtima ukhale m'malo, mzimayi uja sanakuneneni kuti mwamenya mayi ake ayi. Mwati anafika pa care home panupo, kunyumba yosamalira okalamba ija, nkupeza mayi akewo, omwe akhala akukana chakudya, akudya bwinobwino inu mukuwadyetsa, ndiye iye nkuti "I'm absolutely gobsmacked", inu mwangotolapo smack yekhayo mtima nkuyamba kugunda. Ndikukumvetsani, pantchito yathuyi mawu oti smack akangomveka pafupi ndi dzina lako timadziwa chotsatira, za safeguarding (kufufuza ngati wosamalidwa wachitiridwa nkhanza), mafomu, kuitanidwa ku ofesi kwa manejala, mpaka munthu kuyamba kuganiza za viza. Koma apa mulibe zimenezo ngakhale pang'ono.

Amene "wamenyedwa" m'mawu amenewa ndi mwini wake wolankhulayo. Gob ndi kamwa, nchizungu cha mumsewu cha kuno ku Britain makamaka kumpoto, uko ku Liverpool, Manchester, kwanu ku Leeds komweko, Scotland ndi Ireland, ndipo m'chilankhulo cha Gaelic gob ndi mlomo wa mbalame. Smacked ndiye kuwombedwa khofi. Mukaphatikiza, munthu akutanthauza kuti zandidzidzimutsa ngati wina wandiwomba pakamwa, mawu onse athawa. Kwathu timati ndinangoti kakasi, kapena kukamwa kunangoti yasa, kusowa chonena kwenikweni. Si kudabwa wamba kwa "oh, zoona?" ayi, uku nkudabwa kofika pogwira pakamwa.

Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi achemwali, mawuwa paokha sanena kuti nkhani ndi yabwino kapena yoipa, amangonena kukula kwa kudabwako basi. Munthu akaona bilu ya magetsi yakwera moopsa anena gobsmacked, wina akamuchotsa ntchito mosayembekezera anenanso gobsmacked, wina mwana wake wakhoza mayeso omwe aliyense ankati alephera, gobsmacked yemweyo. Ndiye mumayenera kuona nkhope komanso kumvetsera zomwe zabwera pambuyo pake. Inu mwanena nokha kuti anakugwirani dzanja, misozi ili lengelenge, nkujambula mayi akewo pafoni kuti atumizire mchimwene wake, eee kumeneko ndi kuyamika achemwali, ndipo anthu akunowa sayamika mokokomeza chonchi kawirikawiri, ambiri amangoti "not bad" nkumapita.

Mukukumbuka Susan Boyle, mayi wa ku Scotland uja anaimba pa Britain's Got Talent, mpikisano wa maluso wa pa TV, mu 2009 ali ndi zaka 47, anthu atayamba amuderera kenako holo yonse nkuimirira? Kanema wake atafala pa YouTube atolankhani anamufunsa mmene akumvera, iye anayankha kuti ali gobsmacked, ndipo anthu ambiri akunja makamaka ku America mawuwa anawamvera pamenepo, chifukwa kumeneko sawalankhula kwenikweni. Kuno anafala kwambiri m'zaka za m'ma 1980 ndipo pano ngakhale andale ndi a nyuzipepala amawagwiritsa ntchito.

Koma pali pamene ndikufuna musamale. Gobsmacked yonse pamodzi ilibe vuto, mutha kunena kwa mnzanu ku staff room, kwa manejala pocheza, kwa achibale a odwala, palibe angakuoneni ngati wamwano. Koma gob payekha ndi mawu achipongwe. Munthu akakuuzani "shut your gob" ameneyo wakunyozani, ndi kuti tseka pakamwa pakopo, ndipo inu musadzayerekeze kuuza gogo kuti atsegule gob pomudyetsa kapena pomutsuka mano, pamenepo ndi mouth basi. Ana akusukulu akabwera nawo kunyumba mawu amenewa muziwaletsa. Malo okhawo omwe ndimaona gob alibe mlandu ndi pa gobstopper, switi wamkulu wolimba uja amadzaza mkamwa.

Chinanso, musalembe gobsmacked mu care notes kapena mu imelo yopita ku ofesi, ndi mawu apakamwa, polemba zantchito mungoti surprised kapena astonished. Mudzamvanso flabbergasted, tanthauzo lake ndi lomwelo koma ndi akalekale, analipo kale m'ma 1770, ndipo ndimawamva kwambiri kwa agogo omwe timawasamalawa. Palinso dumbfounded ndi dumbstruck, apa dumb ndi kusatha kulankhula osati kupusa monga mmene achinyamata amanenera masiku ano, ndiye gogo akanena kuti anali dumbfounded sakudzitukwana. Ine ndimaona kuti dumbfounded imapendekera ku zinthu zosasangalatsa, munthu wasokonezeka mutu sakumvetsa kuti zatheka bwanji, pamene gobsmacked imalowa konsekonse.

Katchulidwe musavutike nako, mawu amakwera pa gob koyambirirako, kumapeto kumangomveka ngati kt, osati "smakedi". Ndipo amanena za munthu, I was gobsmacked, she was gobsmacked, nthawi zambiri amaikapo absolutely kutsogolo ngati mmene ananenera mzimayiyo.

Tsono akabweranso pa wikendi mumufotokozere zomwe munachita kuti mayi akewo ayambe kudya, kaya ndi phala lija munati munalifewetsa, kaya ndi kukhala nawo pansi osawathamangitsa, zomwezo muzilembenso mu care plan kuti a shifiti ya usiku azitsatira. Ndipo mumupemphe mwaulemu kuti ngati angathe alembe kameseji kwa manejala, chifukwa zoyamika za pakamwa zimathera pakhomo pomwepo koma zolembedwa zimalowa mu fayilo yanu, pa appraisal, pounika kagwiridwe kanu ka ntchito, zidzakuthandizani. Mundipatsire moni kwa alamu ndi ana, ndikuimbirani Lamlungu tikaweruka kutchalitchi.