Chibangili cholankhula m'malo mwa mlongo wanu akakomoka

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Chilomoni, yemwe wandilola kuyankha poyera popanda kutchula dzina lake. Mawu ake ndi awa: "Mlongo wanga wa zaka 27 anachitidwa opaleshoni ya mtima ku India chaka chatha, ndipo anamuika valavu yachitsulo. Tsopano amamwa warfarin tsiku lililonse. Adokotala a kumeneko anati azivala chibangili cholembedwa za matenda ake, koma iye akukana. Akuti anthu a kutchalitchi aziti wavala chithumwa, komanso safuna kuti msika wonse wa Limbe, komwe amagulitsa zitenje, udziwe kuti ndi wodwala. Inenso ndili ndi chikayiko, chifukwa kwathu kuno munthu akagwa sikubwera ambulansi ya anthu odziwa kuwerenga zoterezi. Kodi n'zothandizadi? Ngati n'zothandiza, tilembepo chiyani, ndipo tingachipeze kuti?"

Achimwene, yankho langa ndi lakuti mlongo wanu avale chibangilicho, ndipo pakati pa odwala mtima onse, munthu wa valavu yachitsulo (kachitseko koikidwa mumtima kuti magazi aziyenda mbali imodzi) amene akumwa warfarin, mankhwala ochedwetsa kuundana kwa magazi, ndiye woyamba amene ndingamuumirize kutero. Chikayiko chanu chokhudza ambulansi n'chomveka, koma chikuyang'ana malo olakwika. N'zoona kuti munthu akagwa pa Mibawa kapena akagundidwa ali pa kabaza mumsewu wa Chipembere, kawirikawiri amene amamunyamula ndi anthu odutsa, ndipo amamukweza m'galimoto iliyonse imene yavomera kuima. Anthu amenewo sadzawerenga chibangili, ndipo palibe chifukwa choti achiwerenge. Amene chikumudikira ndi namwino kapena dokotala wa pachipinda cha odwala mwadzidzidzi, kaya ndi ku Gulupu kapena kuchipatala china chilichonse, amene adzalandira munthu wosalankhula, wobwera ndi anthu osamudziwa ngakhale dzina.

Ndinagwira ntchito ya unamwino kwa zaka zambiri m'chipinda choterocho, choncho ndikufotokozereni zimene manja athu amachita m'mphindi zoyambirira. Wodwala akagonekedwa, timaona ngati akupuma, kenako timagwira dzanja lake pamalo pomwe anthu amavala wotchi kuti timve kugunda kwa mtima. Timakulunga mkono ndi lamba woyezera BP, timatembenuza dzanja kufunafuna mtsempha woikapo diripi, ndipo zonsezi zimachitika tisanaganize n'komwe zotsegula chikwama chake, ngati chikwamacho chafika nawo. Nthawi zambiri sichifika. Chimatsala pamalo a ngozi, foni imasweka kapena imapita ndi munthu amene anafika msanga ndi maganizo ena, ndipo buku la kuchipatala limakhala kunyumba, m'sutikesi, pansi pa zovala. Chimene chamangidwa padzanja ndicho chimalowa ndi wodwalayo mpaka pabedi, pamalo enieni pomwe zala za namwino zimayambira.

Mungafunse kuti kodi chipsera cha pachifuwa sichikwanira. Chipsera chimatiuza kuti munthu anang'ambidwapo pachifuwa, koma sichinena chimene anachitidwa. Valavu yachitsulo imamveka kuti the-the-the ngati wotchi, ndipo usiku kukakhala zii mwina inuyo mwaimvapo mlongo wanu atakhala pafupi. Koma m'chipinda momwe muli odwala ambiri, achibale akulira ndi makina akulira, kaphokoso kameneko kangathe kudutsa osamveka kufikira wina ataika chomvetsera pachifuwa mofatsa, ndipo ngakhale akamve, sikamuuza mankhwala amene munthuyo akumwa kapena nambala ya m'bale wake.

Chifukwa chimene ndikulimbikira pa warfarin n'chakuti mankhwalawa ndi oopsa mbali ziwiri, ndipo mbali zonsezo zimafuna kuti wopereka chithandizo adziwe msanga. Ntchito yake ndi kuchedwetsa kuundana kwa magazi, kuti asaundane pa valavu yachitsuloyo. Motero munthu akavulala, magazi sasiya msanga kutuluka, ndipo choopsa kwambiri ndi magazi otayikira mkati, omwe saoneka. Munthu wina akagwa pa njinga yamoto n'kumenyetsa mutu, akadzuka n'kumalankhula bwino, angathe kusokedwa bala n'kuuzidwa kuti apite kunyumba. Munthu wa warfarin sayenera kuonedwa mopepuka chotero, chifukwa magazi angathe kumadontha pang'onopang'ono mkati mwa mutu kwa maola angapo iye akuoneka wabwinobwino, kenako n'kuyamba kusinza, kusanza ndi kusokonezeka ali kale kunyumba usiku. Dokotala akadziwa, amayeza magazi kuti aone INR, nambala yoonetsa mmene magaziwo akuchedwera kuundana, amamusunga kuti amuyang'anire, ndipo ngati akutaya magazi pali njira zochepetsera mphamvu ya warfarin, monga vitamini K ndi madzi a m'magazi otchedwa plasma. Zonsezi zimayamba ndi kudziwa.

Mbali yachiwiri ndi imene achibale ambiri saiganizira. Tiyerekeze kuti mlongo wanu wagonekedwa ali chikomokere chifukwa cha malungo aakulu, ndipo papita masiku angapo palibe amene akudziwa kuti amamwa warfarin. Mankhwalawo amatha mphamvu m'thupi, magazi amayamba kuundana pa valavu, ndipo kachibulumwa ka magaziwo kangathe kutseka valavuyo kapena kupita ku ubongo n'kuyambitsa sitiroko. Opaleshoni imene banja lanu linaivutikira, ndi ulendo wonse wa ku India, zingawonongeke chifukwa cha mawu awiri amene panalibe wowanena.

Palinso nkhani ya mankhwala ena amene amaperekedwa tsiku ndi tsiku m'zipatala zathu. Bactrim ndi Flagyl amawonjezera mphamvu ya warfarin kufikira munthu atayamba kutuluka magazi m'nkhama, m'mphuno kapena mumkodzo. Brufen, diclofenac ndi aspirin, amene anthu amapatsana mosavuta mutu ukamapweteka, amawonjezera ngozi yotaya magazi m'mimba. Rifampicin, yemwe ali m'mankhwala a TB, amachita zosiyana, chifukwa amafooketsa warfarin kwambiri moti mlingo umene unali wokwanira umasanduka wosakwanira. Ngakhale jakisoni wobaya m'matako angathe kusiya chotupa chachikulu cha magazi. Pano chibangili chimathandiza ngakhale munthu asanakomoke, chifukwa pamzere wautali wa kuchipatala wodwala amapatsidwa mphindi zochepa, ndipo ambiri amachita manyazi kapena kuiwala kutchula mankhwala amene akumwa kale. Ndiwonjezere pano, popeza mlongo wanu ndi wachitsikana, kuti warfarin angathe kuvulaza mwana m'mimba, choncho nkhani ya kutenga pakati aikambirane ndi dokotala wake isanachitike.

Mwina mukudzifunsa kuti kodi izi si za kunja, ndipo chiyambi chake n'chakunjadi. Mu 1953, ku Turlock m'dera la California ku America, mwana wamkazi wa Dr. Marion Collins anatsala pang'ono kufa atawengedwa ndi mankhwala a kafumbata pamene anapita kuchipatala ndi bala la pachala. Bambo akewo anaganiza zoti mwanayo azivala chenjezo pathupi, ndipo mu 1956 anayambitsa bungwe la MedicAlert, lomwe lili ndi nthambi m'mayiko angapo kuphatikizapo South Africa. Kumeneko chibangili chimakhala ndi nambala yoti achipatala aimbe n'kupatsidwa mbiri yonse ya wodwalayo. Kwa ife, chimene tikutengapo ndi nzeru yakeyo, yakuti mawu ofunika akhale pathupi pa munthu, ndipo nzeru imeneyi imagwira ntchito kwambiri kumene mbiri ya wodwala imayenda m'kabuku kamene kamatha kutsala kunyumba.

Tsopano zolembapo. Malo ndi ochepa, ndipo mawu akachuluka zilembo zimachepa mpaka zosawerengeka. Mulembe m'Chingerezi, chifukwa ndicho chiyankhulo chimene achipatala amalembera matenda ndi mankhwala, komanso chidzagwira ntchito akadzapita kukapikula katundu ku Tanzania kapena ku Johannesburg. Kwa mlongo wanu, ngati valavu imene inasinthidwa ndi ya mitral, mizere yake ingakhale dzina lake, kenako "MECHANICAL MITRAL VALVE", kenako "ON WARFARIN", kenako nambala za foni ziwiri za achibale. Funsani dokotala wake kuti akulembereni mawu enieni papepala, kuti wozokota angokopera, chifukwa kusinthanitsa mitral ndi aortic, omwe ndi mavalavu awiri osiyana a mtima, si kulakwitsa kwakung'ono. Ngati pali mankhwala amene amamuwenga, alembedwe, makamaka penisilini. Achinyamata ambiri amene amasinthidwa valavu kuno anayamba ndi zilonda zapakhosi ali ana, zomwe zinayambitsa matenda otchedwa rheumatic heart disease, ndipo ambiri mwa iwo amabayidwa jakisoni wa benzathine penicillin mwezi ndi mwezi, choncho nkhani ya penisilini siitalikirana ndi odwala otere.

Musazokotepo mlingo wa warfarin. Mlingowo umasintha malinga ndi zotsatira za INR, yomwe kwa anthu ambiri a valavu yachitsulo ya mitral amafuna ikhale pakati pa 2.5 ndi 3.5, ndipo chitsulo chonena mlingo wa chaka chatha chingasocheretse dokotala. Mlingo, tsiku la INR yomaliza ndi mankhwala ena onse zikhale pakakhadi kamene angakakutire ndi pulasitiki n'kukasunga pamodzi ndi chiphaso cha unzika, komanso m'buku lake la kuchipatala. Pa nambala za foni, sankhani anthu amene amayankha foni ngakhale nambala ili yachilendo, amene sasinthasintha simu, ndipo ndi bwino kuti imodzi ikhale ya Airtel ina ya TNM. Nambala ikasintha, chibangili chisinthidwenso.

Kwa owerenga ena amene ali ndi matenda a mtima osiyana ndi awa, mfundo yake ndi yomweyo, kungosintha mawu. Amene anaikidwa pacemaker, kachipangizo kowongolera kugunda kwa mtima, alembe, chifukwa makina ojambula m'thupi a MRI ali ndi maginito amphamvu ndipo si pacemaker iliyonse imene imaloledwa kulowamo. Amene amamwa atenolol kapena propranolol adziwe kuti mankhwalawa amaletsa mtima kuthamanga, moti munthu angathe kukhala akutaya magazi ambiri mtima wake ukugunda modekha, zomwe zimanamiza woyeza. Amene ali ndi BP yokha yoyenda bwino ndi mankhwala, kakhadi m'thumba kangamukwanire.

Za kopeza, musadikire kuti mpaka wina abwere nacho kuchokera kunja. Mu Blantyre ndi mu Limbe muli amisiri ozokota mayina pa zikho za mpikisano ndi pa timapuleti ta pazitseko za maofesi, ndipo ntchito imeneyi siingawavute. Sankhani chitsulo chosachita dzimbiri, chifukwa chibangilichi sichiyenera kuvulidwa posamba, pochapa kapena pogona. Pewani golide, siliva ndi chilichonse chonyezimira ngati chamtengo, kuti chisakope wochithothola. Zilembo zikhale zazikulu ndi zozama, osati zopaka utoto. Ine ndimakonda cha padzanja kuposa cha m'khosi, pa chifukwa chimene ndafotokoza kale, komanso chifukwa cha m'khosi chimabisika m'bulauzi ndipo chimaduka msanga. Ngati ali ndi foni yamakono, alembenso zomwezi pamalo a uthenga wa mwadzidzidzi omwe amaoneka foni ili yokiya, koma zimenezo zikhale zowonjezera chabe.

Ndatsiriza ndi nkhawa za mwiniwake chifukwa ndizo zovuta kwambiri, ndipo chonde musazipeputse. Kwathu kuno chinthu chomangidwa padzanja chimene sichivulidwa usana ndi usiku chimabweretsa mafunso, ndipo zibangili zambiri zogula kunja zimakhala ndi chizindikiro cha njoka yozengerera ndodo, chomwe chingathe kuyambitsa mphekesera zoipa kwambiri pa tchalitchi kapena pamsika. Chizindikirocho n'chakale cha ntchito ya udokotala, chochokera kwa Agiriki, ndipo n'chomwecho chili pa ambulansi zambiri ndi pa chizindikiro cha bungwe la WHO. Komabe palibe lamulo lakuti chikhalepo. Ngati njokayo ndiyo ikumuletsa, isiyeni, ndipo kunja kwa chibangili kulembedwe liwu limodzi lokha lakuti "MEDICAL", lomwe n'lokwanira kuchititsa namwino kuchitembenuza. Mawu ena onse akhale mkati, mbali yokhudza khungu, kumene kasitomala wosankha chitenje sangawaone. Ngati mpingo wake suloleza zodzikongoletsera, pitani naye limodzi kwa abusa mutatenga kalata ya kuchipatala, chifukwa nkhani yofotokozedwa pamaso pa mtsogoleri imatha msanga kuposa yosiyidwa kuti anthu aziinong'onezana.

Polankhula naye, musayambe ndi kumuopseza za imfa, chifukwa munthu amene wagona pathebulo la opaleshoni ya mtima amaidziwa imfa kuposa inu ndi ine. Chimene chimamuwawa mwina n'chakuti atavutika zaka zambiri ndi befu ndi kutupa miyendo, tsopano akuyenda ngati anzake, ndipo chibangili chikuoneka ngati chikumubwezera ku dzina la wodwala. Mufunseni funso limene ndinkafunsa odwala anga: "Mutagwa lero pakati pa Limbe ndi Chilomoni, ndani angauze adokotala kuti mumamwa warfarin?" Kenako musiyeni asankhe yekha maonekedwe ake, kaya ndi kachitsulo kopyapyala pa lamba wakuda ngati wa wotchi kapena koikidwa pakati pa mikanda ya mtundu umene amaukonda, bola mawuwo akhale owerengeka ndipo chomangira chake chikhale cholimba. Pa tsiku lake lotsatira loyezetsa INR, mupite naye, mutenge pepala ndi cholembera, ndipo mupemphe adokotala kuti alembe mizere inayi ija iye ali pomwepo akuona.