Kathaulo konyowa ka mundege ya ku Japan

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva funso lanu lija, lokhudza kathaulo koyera kokulungakulunga kamene asuweni ajambula mundege popita ku Tokyo, loti ndi kachiyani komanso ngati alipira padera. Ayi, salipiritsa, mtima ukhale m'malo.

Eni ake amakatchula kuti oshibori. Ndi kathaulo konyowa kopukutira m'manja, ndipo ku Japan ndi ulemu woyamba umene mlendo amalandira, asanamufunse n'komwe chimene adye. Mundege za ANA ndi Japan Airlines, makampani a ndege a ku Japan, makamaka kutsogolo kuja ku business class, ogwira ntchito amayenda nako pa thireyi, n'kukupatsani inu nokha m'manja musanayambe kudya. Nthawi zambiri kamabwera kofunda, kakutuluka nthunzi. Pansi, m'malesitilanti, amatsata nyengo: kotentha m'miyezi yachisanu ngati Januwale, kozizira mu Ogasiti pamene dzuwa likuswa mtengo.

Sizinayambire mundege ayi. Kalekale, m'nthawi ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, anthu ankayenda wapansi maulendo ataliatali, monga pa msewu wa Tokaido wochoka ku Edo, komwe lero ndi Tokyo, kukafika ku Kyoto. Nyumba zogona alendo zinkawachingamira ndi madzi ndi kansalu kuti achotse fumbi la m'njira. Lero kuli mpaka makampani amene ntchito yawo ndi kuchapa timathaulo timeneti, kutikulunga ndi kukatisiya m'malo odyera.

Ineyo azakhali ndimaukonda mwambo umenewu, chifukwa sindiuona ngati zokongoletsa za anthu andalama. Inu mlendo akabwera, nsima isanafike, mumatuma mwana ndi jagi ndi beseni kuti amusambitse m'manja, eti? Mtima wake ndi womwewo. Mundege simungathire madzi pampando, ndiye kathaulo ndi kamene kamagwira ntchitoyo. Komanso munthu wakhala maola ambirimbiri, wagwira malamba, zikwama, zitseko, mpweya wa mundege ndi wouma kwambiri. Kofunda kaja kakangokhudza zala, thupi lonse limatsitsimuka.

Tsono muwauze asuweni izi, poti akakumana nako paliponse kumene akadye. Alandire ndi manja awiri, apukute m'manja mokha, apinde bwinobwino n'kuika pa kambale kake. Kupukutira nkhope ndi khosi, ee, azibambo ena achikulire kumeneko amatero, koma ambiri amaona kuti si ulemu, makamaka pamaso pa anthu amene akuitanira ku chakudya. Asaminire mamina, asapukutire tebulo, ndipo asaponye m'chikwama, si mphatso. Asatulutsenso ndalama yothokozera, ku Japan sapereka tipi, mwina angamuchititse manyazi wowatumikirayo. Kungoweramitsa mutu pang'ono n'kunena kuti arigato, kutanthauza kuti zikomo, basi zakwana.

Mundiperekere moni kwa onse kunyumbako, ndiimba Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi.