Counter-Strike 1.6 ikapanda kuoneka pa LAN, yambani ndi adilesi

Achimwene, mwati muli ndi malaputopu atatu pa MiFi imodzi, wina watsegula seva ya Counter-Strike 1.6, gemu yoti anzake alowemo, koma anzakewo akalowa pa Find Servers tabu ya LAN, imene imaonetsa maseva a pa netiweki yanu yomweyo, ili pululu. Musathamangire kuchotsa gemu n'kuikanso. Nthawi zambiri gemu imakhala bwinobwino, kungoti makompyutawo sakuonana.

Pa laputopu iliyonse dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani cmd, kenako ipconfig. Yang'anani mzere wa IPv4 Address pansi pa Wi-Fi. Zigawo zitatu zoyambirira zifanane ponse, chomaliza chokha chisiyane, mwachitsanzo 192.168.1.5, 192.168.1.6 ndi 192.168.1.9. Gemuyi ikamasaka seva imangofuula mkati mwa netiweki yake, ndiye amene ali pa netiweki ina samva. Mukapeza adilesi yoyamba ndi 169.254, MiFi sinam'patse adilesi ameneyo, Windows yangodzipekera yake. Adule Wi-Fi n'kulumikizanso.

Pomwepo onaninso ngati pali maadilesi ena owonjezera. Mapulogalamu ena amabwera ndi maadilesi awo: VirtualBox imasiya 192.168.56.1, Hamachi imapereka yoyamba ndi 25, VPN nayonso imabwera ndi yake, ndipo gemu imatha kugwira njira yolakwika. Dinaninso Windows ndi R, lembani ncpa.cpl muzimitse zonsezo, itsale Wi-Fi yokha.

Koma amene amavutitsa kwambiri ndi firewall, mlonda wa pachitseko cha netiweki, ya laputopu imene yatsegula seva. Windows ikalumikizidwa pa Wi-Fi yatsopano kawirikawiri imaiika ngati Public, kutanthauza kuti aliyense wogogoda ndi mlendo wosadalirika. Lowani mu Settings, Network & Internet, Wi-Fi, pa Properties musinthe ikhale Private. Kenako fufuzani "Allow an app through Windows Firewall", pezani hl.exe, fayilo yoyendetsa gemuyi, imene imalembedwanso kuti Half-Life Launcher, muchonge bokosi la Private. Paja tsiku loyamba kutsegula gemu Windows imafunsa chilolezo, ambiri amangodina Cancel chifukwa chothamangira kusewera, osadziwa kuti atseka chitseko ndi manja awo. Kuti mutsimikize, zimitsani firewall kwa mphindi ziwiri muyese. Seva ikaoneka, wolakwa mwam'gwira. Yatsaninso firewall mukonze chilolezocho, osaisiya yozimitsa. Ma antivirus ena ali ndi firewall yawoyawo, nawonso muwayang'ane.

Tabu ya LAN ikakhalabe pululu, ilambalaleni. Wotsegula seva adine batani la ~ limene lili pansi pa Esc kuti atsegule console, polembapo malamulo mu gemu, alembe sv_lan 1, kenako map de_dust2 kuti seva iyambirenso. Enawo atsegule console chimodzimodzi n'kulemba connect 192.168.1.5:27015, kuikapo adilesi ya mwini seva. Nambala ya 27015 ndi poti imene gemuyi imagwiritsa ntchito, ya mtundu wa UDP. Ikakana n'kutchula za protocol 47 ndi 48, netiweki ilibe mlandu: magemu anu ndi osiyana msinkhu, nonse mukhale ndi version imodzi.

Zonsezi zikakanika, yesani ngati makompyutawo akumvana: pa laputopu ina lembani ping 192.168.1.5 mu cmd, kuikapo adilesi ya mwini seva, firewall ya mwini sevayo ili yozimitsa, chifukwa ikakhala yoyaka Windows imatha kusayankha ping ngakhale zonse zili bwino. Ngati aliyense akutha kupanga ping adilesi ya MiFi koma osati ya mnzake, ndiye kuti MiFiyo ikulekanitsa anthu dala. Lowani pa tsamba lake la admin, fufuzani AP Isolation kapena Client Isolation, muzimitse. Wi-Fi ya Guest ndi ya m'masukulu ambiri imachita zomwezi, ndipo kumeneko mulibe mphamvu yosintha kanthu. Gwiritsani ntchito hotspot ya foni, data ili yozimitsa. Gemu ya pa LAN sidya bandulo, amene amadya ndi Windows Update ikangonunkhiza intaneti.

Ngati mumasewera pafupipafupi, gulani switch, kabokosi kolumikizira makompyuta ndi mawaya, ya mapoti 5 ndi mawaya a netiweki a Cat5e, kudukaduka kwa Wi-Fi kudzatheratu. Popeza palibe rauta yogawa maadilesi, mudzalemba nokha mu ncpa.cpl pa IPv4, laputopu iliyonse adilesi yake: 192.168.10.1, 192.168.10.2, 192.168.10.3, subnet mask 255.255.255.0, gateway osalembapo kanthu. Netiweki yopanda gateway Windows imaitcha Unidentified network n'kuitenga ngati Public, ndiye pa hl.exe muchongenso bokosi la Public, apo ayi tabu ya LAN ibwereranso pululu.