Magemu a strategy osewera nokha: ubwino wake ndi pomwe amalephera

Achimwene a ku Salima, mwafunsa ngati magemu a strategy (omanga chuma ndi kutsogolera asilikali mwanzeru) osewera nokha ndi oyenera kuwatayira nthawi, poti muli ndi laputopu ya RAM 4GB, foni wamba, ndipo bandulo ndi yodula. Inde ndi oyenera, bola musankhe mtundu woyenera ndipo mudziwiretu kuti kompyuta imene mukulimbana nayoyo siganiza ngati munthu.

Mitundu ikuluikulu ndi iwiri. Pali osinthana, monga Civilization, pomwe mumasuntha zanu zonse kenako n'kupereka mpata kwa kompyuta. Palinso ena monga Age of Empires II, pomwe aliyense amasuntha nthawi imodzi ndipo wochedwa manja amaluza. Kwa ife kuno kunyanja, osinthanawo ndi amene amatikomera. Magetsi akazima kapena batire ikatha simutaya kanthu, chifukwa Civilization VI imaseva yokha pa turn (mpata wanu wosuntha) iliyonse. Mukayatsanso mumangopitiriza pomwe munalekera. Netiweki ikakana sizikukhudzani. Ngati gemu munaitenga pa Steam, pulogalamu yogulira magemu pa kompyuta, lowani kamodzi muli pa intaneti, muitsegule, kenako musankhe Go Offline, apo ayi idzafuna intaneti tsiku limene mulibe bandulo.

Ubwino wina, umene ndimauona waukulu kuposa onse, ndi mpata wophunzira popanda wokusekani. Tengani chiyambi cha Age of Empires II. Mumayamba ndi anthu 3 ndi chakudya 200. Munthu mmodzi amafuna chakudya 50 ndi masekondi 25 kuti atuluke mu Town Center, likulu la mudzi wanu. Nyumba imadya mitengo 25 ndipo imasunga anthu 5. Dongosolo lodziwika ndi ili: awiri amange nyumba nthawi yomweyo, anthu 6 oyamba apite pa nkhosa, 4 otsatira pa mitengo, wina akakope nguluwe n'kuibweretsa pansi pa Town Center. Mukafika anthu 21 kapena 22 muyenera kukhala ndi chakudya 500 chopitira Feudal Age, gawo lachiwiri la chitukuko mu gemuyi. Ambiri amagwa pa zinthu ziwiri: kuiwala nyumba mpaka anthu kusiya kutuluka, ndi kusiya Town Center ili chete. Masekondi 25 aliwonse imene yangokhala ndi munthu mmodzi wotayika, ndipo munthu ameneyo akanatola chuma gemu yonse. Muli nokha mungabwereze mphindi 10 zoyambazo mpaka manja azolowere. Pa intaneti mukanangophwanyidwa musanamvetse chimene chalakwika.

Tsono kufooka kwake. Mukakweza level, nthawi zambiri kompyuta sichenjera, imangopatsidwa katundu wambiri. Mu Civilization VI, pa level ya Prince inu ndi kompyuta mumayamba mofanana. Pa Deity, pamwamba penipeni, mdani aliyense amayamba ndi ma Settler (oyambitsa mizinda) 3 inu muli ndi mmodzi, ndiponso asilikali ake amapatsidwa mphamvu zoonjezera. Zili ngati kusewera bawo ndi munthu wosadziwa kuwerenga njere, koma amene mwamupatsiratu njere zambiri: poyamba amakupanikizani, mukangopulumuka basi zake zatha. Asilikali ake amabwera mmodzimmodzi kudzafera pa mpanda wanu. Mangani mpanda pa mzinda wa m'malire, ikani oponya mivi 3 kapena 4 kumbuyo, mmodzi pa phiri, ndipo nkhondo zambiri zimathera pomwepo. Choipa chake n'choti njira imodzi ikagwira, imagwira masiku onse, ndiye munthu mumayamba kudziona katswiri. Tsiku lokumana ndi munthu weniweni mudzadabwa, chifukwa iye amaona msampha n'kuuzungulira.

Vuto lachiwiri ndi mathero ake. Ma turn 100 oyamba amakoma: mapu sakudziwika, chisankho chilichonse chili ndi mtengo wake. Pofika pakati, amene wapambana amakhala atadziwika kale, koma mukuyenera kudinabe mizinda 20 pa turn iliyonse. Pamenepo ndi pomwenso laputopu imavutikira, chifukwa ikuwerengera adani onse, ndipo kudikira turn imodzi kumatalika. M'nyengo ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kwa ku Salima ndi Nkhotakota kukafika pachimake, makina amadzichepetsa liwiro okha kapena kuzima kumene. Musaike laputopu pa matiresi kapena pa miyendo. Ikhale pa thebulo, kumbuyo kwake mutakweza pang'ono kuti mpweya uzidutsa, ndipo fumbi la pa fani muzichotsa.

Zambiri mwa izi zimakonzedwa musanayambe gemu. Sankhani mapu a Small kapena Tiny, adani asapitirire 5. Liwiro ikani pa Quick, imene ili ndi ma turn 330, osati Standard ya 500. Yatsani Quick Movement ndi Quick Combat. Ndipo dziletseni kubwerera ku sevu yakale nthawi iliyonse mzinda ukalandidwa, chifukwa kusewera muli kumbuyo ndi kumene kumaphunzitsa.

Pa makina anuwo, Civilization VI ya 2016 imafuna RAM 4GB ngati poyambira penipeni, ndiye idzakoka miyendo. Civilization V ya 2010 idzayenda bwinoko. Age of Empires II tengani HD ya 2013 ngati mungaipeze, osati Definitive Edition ya 2019 imene ndi yolemera ndipo kuitsitsa kungamalize bandulo. Yaulere ilipo Battle for Wesnoth, yosinthana, yopepuka, yokhala ndi nkhani zambiri zosewera nokha.

Pa foni yambani ndi Unciv, yaulere, yotsata malamulo a Civilization V, yaing'ono ndipo siifuna intaneti. The Battle of Polytopia ili ndi mitundu 4 ya anthu yaulere, ndipo kaseweredwe kake kotchedwa Perfection kamatha pa ma turn 30, moti ingakukwanireni mu minibasi musanafike ku Lilongwe. Koma chenjerani ndi magemu a pa Play Store amene amati strategy pomwe nyumba imatenga maola kuti imangike pokhapokha mulipire. Amenewo amafuna intaneti nthawi zonse, ndipo amene amapambana ndi amene walipira zambiri.