Mwana akakuletsani Chichewa pa geti ya sukulu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Turffontein. Mwana wawo wamkazi wa zaka 9, wobadwira konkuno ku Joni, wawapempha kuti akamapita kukamutenga kusukulu asamamulankhule Chichewa pa geti, chifukwa anzake ayamba kumutcha kwerekwere, dzina lonyoza obwera kuchokera kumaiko ena. Funso lawo ndi lakuti amukalipire kapena angomumvera.

Achemwali, imelo yanu ndinaiwerenga katatu, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione. Zomwe wachita mwana wanuyo, ine bambo wandevu ndinazichita kwa mayi anga ondibereka.

Munali mu May 2008. Zipolowe zothamangitsa obwera zinayambira ku Alexandra pa 11, kenako zinafalikira ngati moto wolusa wa m'chilimwe, mpaka anthu 62 anaphedwa. Nthawiyo ndinkapenta nyumba ku Randburg, takisi ndinkakwerera pa Bree. Madzulo ena tili m'takisi yodzaza, foni inalira m'thumba. Nditayang'ana, nambala yoyamba ndi +265. Anali amayi, ku Ntcheu. Anamva pa wailesi, anayenda wapansi kukabwereka foni kwa aphunzitsi, mayunitsi ogula ndi ndalama ya tomato. Ndinamva mawu awo akunjenjemera: "Mwanangu, uli moyo?" Pambali panga panali mnyamata wovala chipewa chofiira, bondo lake litagundana ndi langa. Ndinangoti "Yebo, yebo," n'kudula foni. Dzanja linanyowa thukuta mpaka ndalama yomwe ndinkapatsira kutsogolo inamata. Amayi anabwerera kunyumba osadziwa ngati amene anayankhayo anali ine.

Masiku amenewo anthu ankaimitsidwa pamsewu, n'kulozeredwa chigongono kuti atchule dzina lake m'Chizulu. Mawu ake ndi indololwane. M'chipinda chathu ku Rosettenville tinkagona anayi, ndipo usiku tinkaloweza mawuwa ngati ana a sukulu ya mkaka, wina akulakwitsa, wina akumukonza, popanda woseka. Chomwe chimandipweteka mpaka lero n'chakuti ine ndine Mngoni. Makolo athu anachoka kuno komwe m'zaka za m'ma 1800, n'kuwoloka Zambezi. Agogo anga ankavina ngoma atanyamula chishango, nyimbo zake zili ndi mawu omwe Mzulu akhoza kuwamva. Koma chigongono chokha chikanatha kundiphetsa. Ndiponso mwa anthu 62 aja, 21 anali nzika za dziko lino. Ena anafera khungu lakuda kwambiri, ena kalankhulidwe ka ku Limpopo. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mapepala si amene amapanga munthu kukhala mlendo. Munthu amasanduka mlendo tsiku lomwe anzake agwirizana kuti akufuna wina womuloza chala.

Kodi tinabwera dzulo ife? Mbale wa agogo anga anapita ku Theba ali mnyamata, anakumba golide pansi pa mzinda womwewu, sanabwerenso, kumudzi ankangomuti mtchona. Wenela inkanyamula Amalawi pa ndege mpaka ngozi ya ku Francistown mu 1974, yomwe inapha anthu athu oposa 70 ndi kuchititsa Kamuzu kuimitsa kulemba anthu ntchito za m'migodi. Clements Kadalie, yemwe anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali Mtonga wa ku Nkhata Bay. Mwana wanu zimenezi sakuzidziwa, ndipo si sukulu yomwe idzamuuze.

Komatu pali china chomwe ndakhala ndikuchisunga, ndipo ena mundikwiyira. Mu 2023 boma la kwathu linagwira othawa kwawo omwe ankakhala m'matauni n'kuwabweza ku Dzaleka, ku Dowa. Anthu omwe timangowatcha Maburundi, kaya ndi wa ku Rwanda kaya wa ku Congo. Mashopu awo anatsekedwa, ana obadwira ku Lilongwe, olankhula Chichewa chosalala kuposa cha ana athu kuno, anakwezedwa m'malole. Ndinatsegula Facebook ndipo ndinaona Amalawi a kuno ku Joni akuombera m'manja. "Azipita kwawo, akutilanda mabizinesi." Mawu omwewo, osasintha ngakhale chilembo, ndi omwe a Dudula, gulu lothamangitsa obwera, ankatiimbira ku Soweto ndi ku Hillbrow. Mnzanga wina amene tinagona limodzi pansi ku polisi mu 2008 analemba nawo. Sitinalankhulane miyezi itatu.

Ndiye tisanamizane kuti matendawa ndi a eni dziko lino okha. Kwathu Mtumbuka akalankhula m'minibasi ku Limbe ena amatsinana n'kuti mbwenumbwenu. Mlomwe anakula akutchedwa Nguru mpaka ambiri anasiya chilankhulo chawo ndi manyazi. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo, ngati kuti Dedza ndi dziko lina. Ngakhale m'mudzi, mkamwini amalima, amamanga nyumba, amabereka ana asanu ndi awiri, koma pa mlandu wa munda amauzidwa kuti inu khalani chete, ndinu obwera. Timakonda kunena kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma akafikadi nako timayamba ndi kumufunsa kuti abwerera liti.

Ndipo manyazi a mwana wanuyo sanawatole pa geti pokha. Anawaphunziranso kwa ife. Ana amaona tikamatsitsa mawu polowa m'takisi. Amaona tikamavula chitenje pofika pa Park Station n'kuchipinda pansi pa chikwama. Amamva bambo awo akudzitcha dzina lina kuntchito, akuyankha kuti kwawo ndi ku Venda. Sindikuweruza aliyense, mantha ndimawadziwa, ndipo zipolowe za ku Jeppestown mu 2019 zinatikumbutsa kuti si mantha achabe. Koma mwana sadziwa kusiyanitsa mantha ndi manyazi. Iye amangoona kuti chinthu chomwe mayi amabisa chiyenera kukhala chonyansa.

Nanga muchite chiyani?

Musamukalipire, achemwali. Mwana wa zaka 9 sakukukanani, akungofuna kuti pa buleki akhale ndi wodya naye. Pa geti mugwireni dzanja, mumufunse za tsiku lake m'chilankhulo chomwe wasankha, Chichewa chiyambe mukangokhota pakona, ndipo m'nyumba chisasowe. Koma kusukuluko pitaniko nokha, mukakumane ndi mphunzitsi wake, mutchule mawu omwe akumutchawo mosabisa. Gawo 29 la malamulo aakulu a dziko lino limati maphunziro oyambirira ndi ufulu wa munthu aliyense, silinena za nzika zokha. Mlandu umenewu ndi wa akuluakulu, mwana asausenze.

Lamlungu muimbireni agogo ake pa WhatsApp, ayankhule nawo ngakhale Chichewa chake chikhale chothyokathyoka, ndipo wina asamuseke. Ine amayi ndinawaimbiranso patapita masiku awiri, nditadzitsekera m'bafa, mpopi ndikuutsegula kuti anansi asamve. Anandifunsa ngati amene anayankha tsiku lija anali ine. Ndinawauza kuti netiweki inasokonekera.