Vanishi asafike pamene stiki imadutsa m'zala

Achimwene, mwati stiki yanu ya pool yayamba kumata m'manja, yada ndi choko, ndiye mukufuna kudziwa vanishi wabwino woti mupake. Langa ndi ili: kumbuyo kogwira kuja pakani mmene mungafunire, kuziwala ngati galasi, palibe chovuta. Koma gawo lakutsogolo, lija limatsetsereka pa zala, vanishi asaliyandikire.

Ine ndinazionera pa stiki yanga yoyamba. Ndinakaisiya kwa kalipentala wina wa kwathu kuno, munthu waluso ndithu pa mipando, ndipo anaitenga ngati mwendo wa tebulo: vanishi katatu konse. Tsiku lomwe ndinabwera nayo anzanga ankalandirizana kuisirira. Kutangofika kutentha kwa Okutobala, manja atayamba thukuta, stiki ija inkagwira pa chala n'kumalira kuti tswii, ikuyenda modukizadukiza ngati njinga ya tcheni chadzimbiri. Vanishi samwa chinyezi, thukuta lonse limangokhala pamwamba n'kusanduka ulimbo. Pofuna kumuchotsa ndinapala ndi sandipepala wokhakhala, mtengo n'kuwonda mpaka kachitsulo ka kunsonga kanatsala kotukuka kuposa mtengowo. Inathera pomwepo.

Musanagule chilichonse, yang'anani kaye mtengo wake, chifukwa mankhwala amasiyana. Ngati ili ndi mizere yakuda yooneka ngati mitu ya mivi, nsonga yaing'ono ya mamilimita 8 mpaka 10 ndi kachitsulo ka brass, umenewo ndi mtengo wa ash, wofala pa masitiki a snooker ndi pool yachingerezi. Ngati ndi yoyererako, yopanda mizere yooneka bwino, nsonga ya mamilimita 12 kapena 13, ndi maple, wa masitiki achimereka. Ash ali ndi timabowo totseguka, amamwa mafuta. Maple ndi wothinana, mafuta amangomudetsa.

Kutsuka n'kofanana. Nyowetsani nsalu, finyani kwambiri, pukutani kuchokera pakati kupita kunsonga, nthawi yomweyo mubwereze ndi nsalu youma. Choko chikakakamira thirani sipiriti pang'ono pa nsaluyo, koma akhale woyera wa ku famase. Wapepo uja timayatsira mbaula amatha kusiya mtundu wake pa mtengo woyera. Mukamva kuti pakukhakhala, dutsanipo ndi sandipepala wa nambala 1000 kapena 1500, mopepuka, motsata utali wa stiki uku mukuitembenuza. Wa 120 uja wa ku hadiweya ndi wa zitseko. Wosalalayu mufunse kwa ogulitsa penti wa galimoto, ndi amene amakhala naye. Ndipo isakhale ntchito ya sabata iliyonse. Fumbi loyera limene likutsala pa pepalalo ndi stiki yanu imene ikutha.

Pa ash, timadontho tingapo ta mafuta a linseed (mafuta opaka matabwa), a raw, ndiye kuti osaphitsidwa, pa kansalu. Tikitani, isiyeni igone usiku wonse, m'mawa pukutani mafuta onse otsala mpaka nsalu izituluka youma. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, amaona ngati mafuta ambiri ndiye chisamaliro, kenako stiki imamata kwa milungu. Kamodzi kapena kawiri pa chaka n'kokwanira. Mafuta ophikira ayi: linseed amauma n'kulimba akakumana ndi mpweya, ophikira amangosasa. Kansalu mwagwiritsa ntchitoko musakafinyire mu bini. Nsalu ya linseed ikaunjikana imatentha yokha mpaka kuyaka moto, choncho kayanikeni panja motambasula.

Pa maple, amisiri amatseka mtengowo ndi shellac (utomoni wopaka matabwa womwe amausungunula mu sipiriti) wosungunulidwa kwambiri, kamodzi kokha, akauma n'kudutsapo ndi sandipepala wa 1500 kapena 2000 mpaka kuoneka ngati sanapakepo kanthu. Pamwamba pake phula la carnauba (phula lolimba lowalitsira matabwa ndi galimoto), lochepa zedi, n'kupukuta. Ngati shellac simukumupeza, dumphani, phula lokha likuthandizani. Polishi wa nsapato musayese.

Koma chimene ine ndimachidalira kuposa zonsezi n'chaulere. Tengani kachikopa kosapakidwa utoto, kapena pepala lakhaki lija lokutira makope a ana asukulu. Kulungani pa stiki, gwirani mothinitsa, n'kumakhutiza mwachangu mmwamba ndi pansi mpaka mumve kutentha kukudutsa pa pepala kufika m'dzanja. Kukhutizako kumagonetsa tiulusi ta mtengo n'kutseka timabowo. Mukamasula mupeza stiki ikuwala mwa phee, ndipo mukaiyendetsa pa chala simumva phokoso. Mphindi ziwiri basi musanayambe gemu.

Za paudala wa ana yemwe amaikidwa pambali pa matebulo m'mabala ambiri, ine sindigwirizana naye. Gemu yoyamba stiki imaterera bwino, yachitatu paudala wasakanikirana ndi thukuta wasanduka phala, ndipo nsalu ya tebulo yayera mbuu. Kusamba m'manja ndi sopo n'kuumitsa bwino kumaposa, makamaka mukangomaliza kanyenya. Amene manja awo amatuluka thukuta kwambiri, ngati anzathu a ku Salima ndi ku Nsanje nyengo yotentha, gulani gulovu ya zala zitatu ija. Anthu aseka masiku awiri, kenako ayamba kubwereka.

Chenjezo limodzi: masitiki ena otchipa amakutidwa ndi fibreglass (pulasitiki wolimba), ena odula si a mtengo koma a carbon fibre, akuda bii. Amenewo sandipepala, mafuta kapena phula zisawakhudze, kupukuta ndi sipiriti n'kokwanira. Ngati mukukayika, jambulani gawo lakutsogolo pafupi, pamalo owala, muponye pano tione mtengo wake musanapale.