Achemwali ofunsa za geni ya tchizi ku Tete

Achemwali, mwafunsa kuti geni ya tchizi imayenda bwanji, ndimakapikula kuti, pa bodala ndimadutsa motani, komanso munthu ayambe ndi mpamba wochuluka bwanji. Za mpambazo tiziike kaye pambali. Onse amene ndinawaona akugwa pa geniyi ndalama anali nazo, ena kuposa ine. Chinawagwetsa n'choti ankayesa tchizi ndi mmodzi, ngati mmene alili shuga, woti ungonyamula n'kukaunjika m'nyumba kudikira wogula.

Ine ndine wa ku Ulongwe, ku Angónia, kumene mu Juni timagona ndi mabulangete awiri. Kwathu mkaka ukatsala umasanduka chambiko, nkhani yathera pomwepo. Ku Tete ndinatsikira mu 2011, chaka chimene malasha a ku Moatize anayamba kutuluka mwamphamvu, ndipo ndinabwera ndi mbatatesi ndi kabichi, osati tchizi. Ndinkaperekera m'makhitchini a m'misasa ya antchito. Nthawi imeneyo m'tauni munadzaza anthu a ku Brazil, Apwitikizi, a ku South Africa, kenako Amwenye, aliyense ndi m'mimba mwake mofuna zakwawo.

Wophika wina wa ku Brazil ndi amene anandilowetsa m'mavutowa. Tsiku lina akuwerenga matumba anga anandifunsa ngati ndingamupezere queijo, monga amatchulira tchizi pa Chipwitikizi. Ndinavomera msanga ngati ndikudziwa, n'kukamubweretsera cheddar wachikasu uja wa m'masitolo a ku Blantyre, nditadutsa naye pa bodala la Zóbuè m'kachikwama. Anaseka mpaka kugwira tebulo. Iye ankafuna wopangira pão de queijo, timipira tophikidwa mu uvuni timene amadya m'mawa ndi khofi, topangidwa ndi sitalichi ya chinangwa chathu chomwechi, mazira, mkaka, mafuta ndi tchizi wa kwawo ku Minas Gerais. Wa ku Minas sindikanamupeza, ndiye anandiphunzitsa kuti gouda wosakaniza ndi parmesan pang'ono amayandikirako. Oda yanga yoyamba inali imeneyo, makilo sikisi.

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kufunsa kaye kuti wophikayo ndi wa kuti. Mpwitikizi amafuna flamengo, mpira uja wokutidwa ndi phula lofiira, woika mu buledi wootcha ndi hamu. Ikayandikira Khirisimasi amayamba kulira za Serra da Estrela, tchizi wa mkaka wa nkhosa wa kumapiri a kwawo, amene amaundanitsa ndi maluwa a chomera china chaminga, wofewa moti amangoboola pamwamba n'kumatapa ndi sipuni. Ameneyo musayerekeze. Msiyeni abwere naye mbale wake pa ndege, atsikire pa Chingodzi. Mbunu amafuna cheddar kapena gouda woika pakati pa buledi ndi tomato ndi anyezi, n'kuwamba pa makala pambali pa nyama. Mmwenye musamuvutikire n'komwe. Paneer wake amapanga yekha, kuwiritsa mkaka, kuthiramo mandimu, kusefa pa nsalu n'kupsinja ndi mwala, ndipo sasungunuka mu mphika, n'chifukwa chake amamuphika ngati ndiwo. Ameneyo mugulitseni mkaka. Koma ndalama yeniyeni ili pa mozzarella, chifukwa pitsa amadya aliyense, ngakhale ana athu amene agogo awo sanalawepo tchizi.

Chimene muyenera kumvetsa ndi madzi. Kilo imodzi ya tchizi wouma imadya malita a mkaka pafupifupi 10. Amathiramo mankhwala oundanitsa, amene kale ankachokera m'chifu cha mwana wa ng'ombe, mkaka umagawikana, madzi amatayidwa, chotsalacho amachithira mchere n'kuchipsinja. Amene wachotsedwa madzi ambiri ndi kusungidwa nthawi yaitali amapirira. Parmigiano, parmesan weniweni wa ku Parma ndi Reggio Emilia ku Italy, satuluka asanathe miyezi 12, gudumu lake limodzi limalemera pafupifupi makilo 40, ndipo ndi wouma ngati sopo wakale. Feta wa ku Greece amakhala m'madzi a mchere. Mozzarella weniweni wa ku Campania ku Italy, wa mkaka wa njati zoweta, amadyedwa m'masiku ochepa, ndipo ngakhale uyu wathu wa mkaka wa ng'ombe wa m'mabuloko, wouma pang'ono, ndi khanda. Tsono khandalo mukulitengera ku Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, pamene iye amafuna madigiri 4 kapena 5. Azungu a m'mudzi wa Cheddar ku England ankasunga wawo m'mapanga ozizira. Ife phanga lathu ndi firiji ndi jenereta, ndipo zonsezo zimamwa dizilo.

Kokapikula ndi ku Johannesburg, zimenezo aliyense akudziwa. Njira zilipo ziwiri. Ina ndi ya Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, kulowa pa Cuchamano, Changara mpaka Tete. Ina ndi ya Ressano Garcia, Maputo, kukwera mpaka Inchope, Chimoio, n'kubwera ndi msewu wa Catandica. Yoyambayo ndi yaifupi koma mabodala ndi awiri, ndipo bodala lililonse lili ndi pakamwa.

Pakamwa pamenepo ndi pamene ndinatsala pang'ono kuthera, mu Okutobala 2016. Inu mwina munali pa sukulu. Chaka chimenecho metical, ndalama yathu ya ku Mozambique, inagwa chagada: kumayambiriro dola imodzi inali pa 40 ndi kanthu, pofika Okutobala inali itapitirira 70. Msewu wa ku Chimoio galimoto zinkayenda pamndandanda moperekezedwa ndi asilikali chifukwa cha kuwomberana, ndiye aliyense wa katundu woola anathawira njira ya ku Zimbabwe. Amalonda anzanga ambiri anaima kaye. Ine ndinaona mwayi. Khitchini ina yaikulu ndi malo awiri a pitsa anandipatsa oda imene ndinali ndisanaionepo: mozzarella makilo 400, gouda ndi cheddar makilo 150, parmesan pang'ono. Mpamba wanga sunkafika ngakhale theka. Ndinakatenga katapila, chikole n'kuika puloti yanga ya ku Ulongwe imene anandisiyira malemu mayi. Amuna anga anandiletsa. Ndinawayankha zamwano zimene mpaka lero amandikumbutsa tikakangana.

Ndinachita lendi malo m'thiraki ya firiji, pamodzi ndi bambo wina wa nkhuku zoundana. Tikupakira, ndinakumbukira mayi wina wa lesitilanti amene ankandivutitsa kuti feta wa ku South Africa ndi wa mkaka wa ng'ombe, iye akufuna weniweni wa nkhosa ndi mbuzi. Ndinamugulira tizidebe tiwiri. Tiwiri tokha, achemwali, toti mukanatha kunyamula m'manja.

Tinafika pa chipata china Lachisanu cha m'ma 3 koloko masana. Dzina la chipatacho sinditchula, ndimadutsabe pomwepo. Bwana wina wovala yunifolomu yositidwa bwino anakwera m'thiraki, n'kudutsa mabokosi onse a mozzarella osawayang'ana, n'kukatola kachidebe kamodzi ka feta. Anawerenga chizindikiro chake pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade 2, kenako n'kutenga chilolezo changa cha a zaziweto. Chilolezocho chinkanena za zopangidwa ndi mkaka wa ng'ombe. Pa kachidebe panalembedwa nkhosa. Anandiyang'ana n'kumwetulira, ndipo kumwetulira kumeneko ndimakulotabe.

Ndinati chabwino bwana, landani tizidebeto, katayeni, kapena kadyereni kunyumba. Anati ayi, katundu yense ali pa pepala limodzi, ndiye thiraki yonse idikire dokotala wa ziweto. Dokotalayo ali kuti? Waweruka, abwera Lolemba. Kenako anatumiza kamnyamata kodzandinong'oneza mtengo wa fanta yake. Fanta imeneyo inali ya mtengo wa mbuzi zitatu. Ndinapsa mtima. Mapepala ena onse anali bwino, msonkho ndinali wokonzeka kulipira wonse, ndiye ndipereke chifukwa chiyani? Ndinalankhula mokweza anthu akumva, kuti ine si mbava, ndipo dzina lake ndaliwerenga pa chifuwapo. Bambo wa nkhuku uja anandikoka dzanja kuti mayi khalani chete, koma mawu anali atatuluka kale.

Loweruka m'mawa bwana uja sanapezeke. Amene analipo anati nkhaniyo si yake. Dzuwa linatuluka ngati latumidwa. Thiraki inaima pa bwalo la fumbi popanda ngakhale kamtengo, injini ya firiji ikulira, ine n'kumadzilimbitsa mtima kuti bola ikulira. Usiku wa Loweruka, cha m'ma 11, inatsokomola kawiri n'kuzima. Dalaivala anati dizilo wa firiji watha. Ndinamufunsa kuti watha bwanji poti tinathira wodzaza tisananyamuke? Anayang'ana kumbali. Pambuyo pake ndinamva kuti anagulitsako zigubu ziwiri m'njira, poganiza kuti Loweruka tikhala titafika. Ndinayenda usiku umenewo ndi chigubu kumutu, mzimayi ndekha, kugogoda m'mathiraki a anthu. Wina anandigulitsa malita 20 pa mtengo wowirikiza, koma injini inali itakoka mpweya, yakana kulira. Makaniko anapezeka Lamulungu madzulo, ataledzera.

Lolemba dokotala wa ziweto anabwera cha m'ma 10, munthu waulemu ndithu, anayang'ana kachidebe, n'kulemba mzere umodzi pa pepala, n'kudinda. Sizinathe mphindi zisanu. Titatsegula chitseko, fungo linatibweza m'mbuyo. Nkhuku za bambo aja zinali zitachucha madzi ofiira pansi ponse. Mapaketi a mozzarella anali atafufuma ngati mapilo, ukadina chala madzi oyera akuyendayenda m'kati. Gouda anali atatuluka thukuta la mafuta koma anali moyo. Parmesan analibe nkhani, ngati sanapite kulikonse. Ndipo feta uja, mwini mlandu, anali phee m'madzi ake a mchere, wabwinobwino.

Msonkho ndinalipirabe wa katundu yense, wowola yemwe. Ndinalipiranso anyamata okumba dzenje ndi pepala lotsimikiza kuti katundu watayidwa. Bwana wa yunifolomu uja anali atabwerera pa ntchito, ndipo anandipatsa moni kuti mayi mwayenda bwanji.

Mnzanga wina anandiuza kuti mozzarella amene sanafufume kwambiri ndimuundanitse, ndimupale, ndikagulitse kwa a pitsa, mu uvuni zonse zimafa. Ndinakana, ndipo pa zonse za ulendo umenewo ndi chokhacho chimene ndimanyadira. Ndinapita kwa makasitomala anga onse atatu n'kuwauza zoona. Awiri anandisiya. Mmodzi, mwini malo a pitsa, anandipatsa oda ya makilo 20 mwezi wotsatira, ndipo mpaka lero sagula kwa wina. Wa katapila sanamve za feta. Ngongole ina inali ya marandi, pamene ndalama zochepa zimene ndinatola pa gouda zinabwera mu meticais patatha masiku 60, zitafooka kale. Ndinabwerera ku mbatatesi zaka ziwiri, kukwera pamwamba pa matumba kuchokera ku Angónia ngati mtsikana woyamba kumene. Puloti ndinaipulumutsa, koma ng'ombe zinayi za amuna anga zinapita.

Ndiye mukati pa bodala ndimadutsa bwanji, ndimadutsa Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa. Chilolezo cha a zaziweto ndimachiwerenga liwu ndi liwu, n'kuyerekeza ndi chizindikiro cha pa bokosi lililonse. Dizilo wa firiji ndimagula ndekha, kiyi wa thanki amakhala m'kamisolo mwanga, ndipo m'kati mwa katundu ndimaikamo kachipangizo kanga koyezera kuzizira, chifukwa ka pa thiraki kamanama. Pezani despachante, wokonza mapepala a kasitomu, wanu mmodzi wokhazikika, osati anyamata othamangira galimoto aja. Tchizi wopangidwa ku South Africa akakhala ndi satifiketi ya SADC msonkho wake umapepuka, koma wa ku Italy kapena ku Greece, ngakhale mwamugula ku Johannesburg, satifiketi imeneyo simukhudza, ndipo ambiri amalira pamenepo. IVA, msonkho wa VAT, inali 17 pa 100 alionse, kuyambira 2023 ndi 16, musasangalale, kusiyanako sikugula ngakhale ayisi.

Chenjeraninso ndi mabuloko otchipa olembedwa kuti ndi a pitsa. Tembenuzani muwerenge kumbuyo. Mukaona mafuta a zomera, ameneyo si tchizi weniweni, ndipo wophika wodziwa ntchito amamuzindikira akangomuika pa moto. Cheddar musamuundanitse, akasungunuka amayoyoka ngati chigumu, sadulika. Ndipo wina akakuuzani kuti alipira pakutha pa mwezi, mufunseni kuti mwezi wake uti.

Masiku ano misasa ija inachepa, a ku Brazil ambiri anapita mgodi utagulitsidwa mu 2022, ndipo masitolo akuluakulu ali ndi mathiraki awoawo. Chotsalira ife ndi malesitilanti ang'onoang'ono, opanga makeke a maukwati, ndi amayi ophika makaroni a tchizi pa zikondwerero. Zimadyetsa, ana anga awiri aphunzira ndi zomwezi. Za mpamba mudzandifunsenso mukadzakhala ndi firiji ndi jenereta yanuyanu, osati yobwereka kwa alamu anu. Koma wa pitsa wa ku Matundo uja musamuyandikire, ndi wanga.